Kokanee ndi trout zikukana nyambo: mavuto a kuwedza mokoka ndi boti ndi mmene mungawathetsere

Nyengo yotentha ikafika ku British Columbia ku Canada, ndi ku Washington, Oregon, Idaho ndi Montana ku United States, dandaulo la asodzi limakhala lomwelomweli chaka ndi chaka. Munthu walawirira kunyanja tambala asanalire, wazungulira ndi boti mpaka dzuwa lafika paliwombo, koma m'bokosi muli ayezi yekhayekha, pamene boti lina likudutsa malo omwewo likuvuula nsomba motsatizana. Ambiri zikawatere amathamangira kusitolo kukagula nyambo za mtundu wina. Ndalama zimapita, vuto lili pomwepo. Pa zonse zimene zimalepheretsa kokanee kudya, mtundu wa nyambo uli kumapeto kwenikweni. Choyamba ndi kuya kumene nyamboyo ikudutsa, chachiwiri ndi liwiro la boti.

Kokanee ndi sockeye salmon imene sipita ku nyanja yamchere. Imabadwira, kukulira ndi kufera m'madzi opanda mchere. Imadya tizilombo ting'onoting'ono toyandama m'madzi, monga Daphnia, imayenda m'magulu, imakonda madzi ozizira a madigiri 10 mpaka 12, ndipo milomo yake ndi yofewa kwambiri. Mavuto ambiri ali m'munsimu akuchokera pa zinthu zinayi zimenezi. Rainbow trout, imene ena mumaidziwa kuchokera ku mitsinje ndi madamu a pa Zomba Plateau ndi ku Nyika, imapezeka m'nyanja zomwezo koma khalidwe lake ndi lina, ndiye ili ndi gawo lake.

Pa chizindikiro chilichonse, zifukwa ndazisanja kuyambira chofala kwambiri. Sinthani chinthu chimodzi, dikirani mphindi 15 kapena 20, kenako musinthe china. Mukasintha kuya, liwiro ndi nyambo nthawi imodzi, nsomba ikagwira simudziwa chimene chathandiza.

## Fishfinder (makina oonetsa zimene zili m'madzi pansi pa boti) ikuonetsa nsomba koma ndodo zili zii

1. Nyambo ikudutsa pansi pa gulu la nsomba, kapena pamwamba patali.

Kokanee imayang'ana kutsogolo ndi m'mwamba. Nyambo yodutsa pansi pake siiona n'komwe. Ikani nyambo mita imodzi kapena imodzi ndi theka pamwamba pa gululo.

Apa pali msampha umene umakola ngakhale anthu a zipangizo zodula. Downrigger ndi makina otsitsira mpira wa mtovu pa waya, ndipo chingwe cha ndodo yanu chimagwiridwa ndi chopanira chimene chili pafupi ndi mpirawo. Nambala imene downrigger imaonetsa ndi kutalika kwa waya amene watuluka, si kuya kwenikweni. Boti likamayenda, madzi amakankhira mpirawo kumbuyo, waya n'kupendekeka, mpirawo n'kukwera. Mukatsitsa mamita 20, nyambo ikhoza kukhala pa mamita 18 kapena pamwamba pake, malinga ndi liwiro komanso kulemera kwa mpira.

- Onani wayayo pamene akulowa m'madzi. Ngati wapendekeka kwambiri, mpira wanu ndi wopepuka kapena mukuthamanga.
- Mpira wa makilogalamu 3.5 mpaka 4.5 ndi wokwanira pa kuya kwa kokanee. Mukamatsika kupyola mamita 25, wolemererapo ndi wabwino.
- Mzere wa mpira umene fishfinder imajambula umasonyeza mtunda wochokera pa boti kufika pa mpirawo, choncho nawonso umaoneka wakuya kuposa mmene ulili.
- Muli ndi ndodo ziwiri? Ikani imodzi pa nambala imene gulu likuoneka, ina mamita awiri pamwamba. Imene igwire ndiyo ikuuzani zoona.

Amene alibe downrigger amagwiritsa ntchito chingwe cha mtovu mkati, chimene chimasintha mtundu pa mayadi 10 aliwonse, kapena kuti pafupifupi mamita 9. Mtundu umodzi umatsitsa nyambo pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo umatsitsa kuposa apo boti likamayenda pang'onopang'ono. Werengani mitundu imene mwatulutsa, musamangoyerekeza. Chingwechi chimathandiza mu Meyi ndi Juni nsomba zili pamwamba. Zikatsika mu Ogasiti chimachepa mphamvu.

2. Liwiro la boti si loyenera, ndipo kawirikawiri mukuthamanga.

Kokanee imafuna makilomita 1.9 mpaka 2.4 pa ola. Zipangizo zambiri za kumeneko zimawerenga mamailosi, ndiye muyang'ane 1.2 mpaka 1.5. Koma nambala ya pa GPS ndi liwiro la boti poyerekeza ndi nthaka, pamene nyambo imamvera liwiro la madzi. Pakakhala mphepo kapena madzi akuyenda, ziwirizi zimasiyana.

Kuyeza kodalirika n'kwa maso. Dodger, kachitsulo kophwathalala konyezimira kamene kamakhala patsogolo pa nyambo, itsitseni pambali pa boti muiyang'ane. Iyenera kugwedezeka uku ndi uku ngati mchira wa ng'ombe ikamaingitsa ntchentche. Ikamazungulira, mukuthamanga. Ikamangokokeka osagwedezeka, mukuchedwa. Nsonga ya ndodo nayo iyenera kumagwedera mofanana nthawi zonse. Ikasiya kugwedera, ndiye kuti pakola udzu kapena liwiro lasintha.

Musayende mzere woongoka. Muzikhota pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere. Pokhota, nyambo ya mkati imachedwa n'kutsika, ya kunja imathamanga n'kukwera. Ndodo ya kunja ikamagwira, wonjezerani liwiro. Ya mkati ikamagwira, chepetsani.

3. Kachingwe ka pakati pa dodger ndi nyambo katalika.

Hoochie, kapulasitiki kofewa ka zingwezingwe kamene kamaphimba mbedza, payokha sivina. Imadalira kugwedezeka kwa dodger. Kachingweko kakafika theka la mita, kugwedezekako kumathera panjira. Masentimita 20 mpaka 35 ndi okwanira, ndipo kachingwe kokhuthalirako kamapereka kugwedezekako bwino kuposa kopyapyala. Nyambo zimene zimavina zokha, monga tizitsulo topindika ndi tozungulira, zimafuna kachingwe kotalikirapo kuti dodger isazisokoneze.

4. Pa mbedza palibe chimanga, kapena chachuluka.

Asodzi a kokanee amakoleka chimanga cha m'chitini pa mbedza, makamaka choyera chimene amati shoepeg, ena atachiviika m'mafuta a tuna kapena adyo. Njere imodzi pa mbedza iliyonse basi. Mukasanja njere zitatu kapena zinayi, nyambo imalemera n'kusiya kuvina. Kokanee ikajompha n'kuphonya, nthawi zambiri imapita ndi njereyo, ndiye mukhoza kukoka mbedza yopanda kanthu kwa ola lathunthu osadziwa. Ndodo ikagwedezeka koma osagwira, kwezani muone. Manja onunkha petulo kapena mafuta odzola oteteza dzuwa asambeni musanagwire chimanga. Nyanja zina siziloleza nyambo yodyedwa kapena ya fungo, ndiye werengani kaye malamulo a nyanja imene mukupitayo.

5. Boti likuopseza nsomba.

Izi zimachitika nsomba zikakhala pamwamba, mkati mwa mamita asanu kapena asanu ndi limodzi. Gulu limapatuka boti likamadutsa, n'kubwerera kumbuyo kwake. Tulutsani chingwe mamita 20 mpaka 30 musanachipanire ku downrigger. Nsomba zikakhala pansi kwambiri, mamita 3 mpaka 8 ndi okwanira.

6. Mtundu wa nyambo.

Mukatsimikiza zisanu zapamwambazi, apo mukhoza kusintha mtundu. Pinki ndi olenji ndiyo mitundu yoyambira. M'madzi akuya mtundu wofiira ndi umene umayamba kuzimirira, choncho kumeneko yesani wobiriwira wowala kapena nyambo zowala mumdima. Ine ndimaona kuti bokosi la nyambo zisanu ndi imodzi likukwanira nyengo yonse. Zina zonsezo zimakola msodzi, osati nsomba.

## Fishfinder sikuonetsa chilichonse

1. Muli pamalo olakwika. Kokanee simakhala m'mbali mwa nyanja ngati nsomba za m'bango. Imakhala pakatikati, pamwamba pa madzi akuya, pafupi ndi pamene mtsinje wakale unkadutsa m'damu kapena kutsogolo kwa mitu ya mapiri yolowa m'nyanja. Kwezani zingwe, yendani mofulumirirako mpaka mutaona gulu, kenako mutsitse. Kuwedza pamalo opanda nsomba chifukwa choti mwatsitsa kale zingwe n'kutaya m'mawa wonse.
2. Nsomba zili pamwamba kwambiri. Kumayambiriro kwa nyengo madzi onse amakhala ozizira, ndipo kokanee imasambira pafupi ndi pamwamba, pamene fishfinder imaona malo ochepa kwambiri. Mukaona zikudumpha, khulupirirani maso anu.
3. Makina sanachunidwe bwino. Zimitsani tizithunzi ta nsomba timene makina amajambula okha, chifukwa timanama. Wonjezerani mphamvu yomvera mpaka muyambe kuona mzere wa mbuu wopingasa pakati pa madzi. Amenewo ndi malire a madzi ofunda a pamwamba ndi ozizira a pansi. M'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti kokanee imakhala m'malirewo kapena pansi pake pang'ono, nthawi zambiri pakati pa mamita 12 ndi 25.
4. Chomvera cha pansi pa boti chapendekeka kapena chada. Chimagunda pokweza boti pa ngolo. Chiongoleni, chipukuteni.
5. Mizeremizere ikudzaza sikirini mukayatsa injini yamagetsi kapena downrigger. Mawaya akusokonezana. Patulani waya wa fishfinder kwa enawo, kapena ipatseni batire lakelake.

## Zikudya koma zikupulumuka zisanafike m'boti

Ili ndi vuto lopweteka mtima kuposa onse, ndipo limachokera pa milomo yofewa ija. Mbedza imang'amba mlomo, bowo n'kukula, nsomba ikadumpha kamodzi basi yapita.

1. Buleki ya chokulungira chingwe yamangitsa. Pa zipangizo amailemba kuti drag. Imasuleni mpaka chingwe chizituluka mukachikoka ndi zala ziwiri mopanda kulimbana.
2. Mukukoka mwamphamvu kuti mbedza ilowe. Osatero. Boti likuyenda lalowetsa kale mbedzayo. Tengani ndodo, kulungani chingwe mofatsa komanso mosalekeza.
3. Chingwe chikukhwefuka. Zimachitika chopanira chikangomasula, kapena nsomba ikamasambira kubwera kumene kuli boti. Kulungani msanga mpaka mumve kulemera kwake. Musaimitse boti, lisiyeni liziyenda pang'onopang'ono.
4. Ndodo ndi yolimba. Ndodo ya kokanee iyenera kupindika kuyambira kunsonga mpaka pafupi ndi chogwirira. Ngati yanu ndi yolimba, kapena chingwe chanu ndi cholukidwa chosatamuka, ikani snubber, kampira kotamuka kamene kamamangidwa patsogolo pa dodger.
5. Mbedza imodzi yokha, kapena yobuntha. Mangani mbedza ziwiri zotsatizana ngati malamulo akuloleza. Yesani nsonga pa chikhadabo: ikatsetsereka osakanda, inoleni kapena isintheni.
6. Mukuitaya pafupi ndi boti. Kokanee ikaona boti imapenga, kudumpha ndi kudzigubuduza. Tsitsani nsonga ya ndodo cham'mbali pafupi ndi madzi kuti isadumphe, ndipo muivuule ndi kaukonde ka chogwirira chachitali, kuyambira kumutu. Kuinyamula ndi chingwe kulowetsa m'boti ndi njira yotsimikizika yoitayira.

Ngati chingwe chikuduka osati mbedza kuchoka, yang'anani pamene chadukira. Nsonga yopiringizika ikutanthauza kuti mfundo inamasuka. Nyowetsani mfundo musanaikoke. Nsonga yokalika ikutanthauza kuti kachingwe kanakhulika, ndiye muzikasintha mukagwira nsomba zingapo. Nthawi zina kokanee yanu imalemera mwadzidzidzi kenako n'kubwera ili ndi mabala: lake trout yaikulu, nsomba imene imadya zinzake, inaigwira panjira.

## Zinali kudya m'mawa, tsopano zasiya

Kawirikawiri sizinasiye, zatsika. Dzuwa likakwera tizilombo timene zimadya timatsika, nazonso n'kutsatira. Tsitsani mamita awiri kapena atatu, kenako muonenso. Ngati maboti achuluka pamalo amodzi, gulu limabalalika, ndiye pitani m'mphepete mwa chigulu cha mabotiwo. Onaninso ngati simukukoka kansomba kakang'ono kamene kakola koma kalephera kumasula chopanira. Nsonga ya ndodo imanjenjemera mosiyana ndi kale, ndipo nyambo yoteroyo palibe nsomba ina ingaiyandikire.

## Zingwe zikupiringizana kapena kupota

1. Mukukhota mwadzidzidzi. Khotani motambalala, makamaka mukatulutsa zingwe zazitali.
2. Mukutsitsa mpira mofulumira. Dodger imakwera n'kukulunga waya. Tsitsani pang'onopang'ono boti likuyenda, osati litaima.
3. Ndodo ziwiri pa downrigger imodzi zayandikana. Siyani mpata wa mamita atatu kapena kuposa pakati pa zopanira ziwirizo.
4. Mphepo ikukankha boti cham'mbali. Yendani motsatira mphepo kapena moyang'anizana nayo.
5. Chingwe chapota. Dodger ikuzungulira chifukwa cha liwiro, kapena swivel, kachitsulo kozungulira kolumikiza zingwe kuti zisapote, yafa. Gulani swivel ya timipira mkati. Kuti chingwe chopota chiongoke, chotsani zonse kunsonga kwake, chitulutseni kumbuyo kwa boti likuyenda kwa mphindi zingapo, kenako chikulungeni mutachipana ndi zala.

## Downrigger ikuvuta

Chopanira chikumasula chokha. Chingwe mwachilowetsa pang'ono, kapena mukukoka ndodo mwamphamvu pochotsa kukhwefuka. Chilowetseni mkati pang'ono. Chingwe cholukidwa chimaterera m'zopanira zambiri. Lumikizani chingwe wamba cha pulasitiki kutsogolo kwake.

Chopanira sichikumasula. Zopanira zopangidwira salmon ya m'nyanja yamchere n'zolimba kwambiri kwa nsomba ya masentimita 30. Gulani zopepuka, kapena chingwe muzichiika kunsonga kwenikweni.

Yamagetsi yasiya kukweza. Yambani ndi batire, kenako fyuzi, kenako pulagi ngati yachita dzimbiri lobiriwira. Zitatuzi zikakhala bwino koma mota ikungolira kapena kununkha chopsa, zimitsani, kwezani mpira ndi chogwirira cha manja ngati chilipo, makinawo mupite nawo kwa okonza.

Waya wathethuka kapena wapindika. Dulani mbali yowonongekayo mumangenso, apo ayi mutaya mpira pamodzi ndi zonse. Musagwire wayayu ndi manja opanda magolovesi ndipo musamukulunge pa dzanja ngakhale pang'ono. Amadula mpaka fupa.

Mpira wakola pansi. Apa si nkhani ya nsomba ayi, ndi ya moyo. Waya wa downrigger ndi wolimba moti akhoza kupendeketsa boti laling'ono kapena kukokera kumbuyo kwake pansi mpaka mafunde kulowa.
- Chotsani giya nthawi yomweyo.
- Masulani buleki ya downrigger kuti waya azituluka.
- Kukakhala bata, bwererani pang'onopang'ono kumene mwachokera muyese kukweza.
- Kukakhala mphepo kapena mafunde, dulani waya. Chodulira waya chizikhala pamalo ofikira dzanja, osati pansi pa bokosi.

Musananyamuke, chunani bulekiyo kuti izitha kutsetsereka yokha mpira ukakola. M'madamu muli mitengo imene inamira itaima, ndipo fishfinder imaionetsa mochedwa.

## Boti silikutsika liwiro, kapena injini ikuzima

Injini yaikulu nthawi zambiri singayende pang'onopang'ono mokwanira kokanee. Njira yotsika mtengo ndi kukoka thumba la nsalu lotsekula kukamwa, kapena ndowa ziwiri zomangidwa bwino mbali zonse za boti, kutali ndi pulopela. Njira yabwino ndi kainjini kakang'ono kapadera kapena injini yamagetsi.

Injini ikamazima kapena kutsokomola pa liwiro lotsika:
1. Petulo ndi wakale kapena walowa madzi. Petulo wosakaniza ndi ethanol amakoka chinyezi akakhalitsa m'thanki nyengo yonse yozizira.
2. Kabowo kolowetsa mpweya pa chivindikiro cha thanki n'kotseka.
3. Mapulagi ada ndi mwaye chifukwa choyenda pang'onopang'ono maola ambiri. Apukuteni kapena asintheni, ndipo pobwerera muziithamangitsako injiniyo kwa mphindi zingapo.
4. Kabuleta yatsekeka. Ngati simunaitsegulepo, isiyireni makaniko. Timabowo take n'tating'ono kwambiri ndipo kuitokosa ndi waya kumangoiwononga.

Kamtsinje ka madzi kamene kamatuluka kumbuyo kwa injini kakasiya kutuluka, zimitsani pomwepo. Onani ngati udzu kapena pepala la pulasitiki latseka polowera madzi, ndipo tokosani kabowo kotulukira ndi kachingwe kolimba. Madzi akapanda kubwerera mutayatsanso kwa masekondi ochepa, kampira kopopa madzi katha. Musayendetse injiniyo, palasani kapena pemphani kukokedwa.

## Mukufuna trout koma zikukana

Kulakwitsa kofala ndi kuiwedza ngati kokanee. Rainbow trout imafuna liwiro lokwererapo, makilomita 2.5 mpaka 4 pa ola, imapirira madzi ofundirako, ndipo imakonda kuyendayenda m'mbali, pamene pansi pakutsetserekera kwakuya ndi pamene mitsinje imathira. Madzi oundana akangosungunuka komanso m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala imakhala pamwamba, ndipo vuto lalikulu limakhala boti kuiopseza. Tulutsani chingwe mamita 30 kapena kuposa, kachingwe ka kunsonga kakhale kopyapyala komanso kotalika.

Trout zikuluzikulu zimadya nsomba zinzake. Gerrard rainbow ya ku Kootenay Lake ku British Columbia imakula chifukwa chodya kokanee, choncho nyambo yake ndi yaikulu yooneka ngati kokanee, yokokedwa mofulumira. Lake trout, imene ena amati mackinaw, m'nyengo yotentha imakhala pansi penipeni, mamita 30 kapena kupitirira, kapena mmunsi mwa magulu a kokanee. Kuifuna kumatanthauza kuyendetsa mpira pafupi ndi pansi, ndiye zonse zanenedwa za mpira wokola muziwerenge kawiri.

## Nsomba n'zazing'ono, zofiira, kapena nyama yake yafewa

Yafewa musanafike kunyumba. Munaisiya m'madzi a pamwamba itamangidwa pa chingwe. Nsombayi yachokera m'madzi a madigiri 11 ndipo pamwamba pakhoza kukhala madigiri 22. Iphani msanga, dulani makha kuti magazi atuluke, ikani pa ayezi.

Thupi lafiira, mutu wabiriwira, yamphongo chibwano chapindika. Nyengo yoswana yafika. Kokanee zambiri zimaswana zikafika zaka zitatu kapena zinayi, kuyambira chakumapeto kwa Ogasiti kupita m'tsogolo, kenako zimafa. Zikafika apa nyama yake siikomanso, ndipo madera ena amaletsa kuzisunga. Ku Utah, ku United States, n'koletsedwa kukhala ndi kokanee kuyambira pa 10 Sepitembala mpaka pa 30 Novembala.

Zonse n'zazing'ono. Si vuto la zipangizo zanu. Kokanee zikachulukana m'nyanja zimalimbirana chakudya n'kukhala zazifupi, zikachepa zimakula. Zambiri zimakhala za masentimita 25 mpaka 35. Ya makilogalamu oposa anayi imene inagwidwa ku Wallowa Lake ku Oregon mu 2010 ndi yaikulu kuposa zonse zolembedwa, ndiye musadziyeze ndi imeneyo.

Nyanja imene inkabereka kale tsopano ilibe kanthu. Nthawi zina nyanja yeniyeniyo ndi imene yasintha. Ku Flathead Lake ku Montana, tinkhanu ting'onoting'ono totchedwa Mysis, timene anthu anatithira m'nyanja za kumtunda poganiza kuti tidyetsa nsomba, tinapezeka mu 1981. Usiku timakwera kudya tizilombo tomwe kokanee imadalira, masana n'kubisala pansi pamene kokanee singatipeze. Zaka za m'ma 1980 zisanathe usodzi wa kokanee unatheratu, lake trout n'kuchulukana, ndipo nkhwazi za kumeneko zimene zinkasonkhana ku mtsinje wa McDonald Creek kudya kokanee zoswana zinasiya kubwera. Musanawononge petulo wa masabata angapo, werengani malipoti a nthambi ya boma yoona za nsomba m'deralo kapena aimbireni. Amadziwa ngati nsomba zachepa chaka chimenecho.

## Pamene muyenera kusiya n'kufuna thandizo

Bwererani kumtunda msanga ngati:
- mwamva bingu kapena mwaona mphezi. Ndodo zambiri n'zopangidwa ndi graphite, imene imadutsitsa magetsi. Zigonekeni pansi m'boti.
- mafunde ayamba kuchita thovu loyera. Nyanja za pakati pa mapiri zimachafuka mofulumira, makamaka masana. Kwezani mipira ya downrigger musanayambe kuthamanga.
- wina wayamba kumva mutu, chizungulire kapena nseru. Poyenda pang'onopang'ono mphepo ikuchokera kumbuyo, utsi wa injini umabwerera m'boti, ndipo mpweya wa carbon monoxide sununkha. Zimitsani injini, tsegulani matenti onse, pitani naye kuchipatala.

Imbani 911, nambala ya zangozi ya kumeneko, ngati munthu wagwera m'madzi ndipo mukulephera kumukweza, kapena watuluka koma akunjenjemera kosalekeza ndi kulankhula zosokonekera. Madzi amene kokanee imakonda amabanikitsa munthu m'mphindi yoyamba, ngakhale katswiri wosambira. Jekete yoyandamitsa izikhala pathupi, osati pansi pa mpando. Wina akagwa, zimitsani injini asanayandikire pulopela ndi mawaya.

Pitani kuchipatala ngati mbedza yalowa m'diso, pankhope, pa mfundo ya chala kapena mkati kwambiri. Dulani chingwe, phimbani, musaizule nokha.

Itanani makaniko wa maboti ngati:
- mukumva fungo la petulo mkati mwa boti. Musayatse injini kapena chilichonse cha magetsi.
- fyuzi ikungopsa mukaisintha, kapena waya akutentha.
- zitsulo za pansi pa boti zikudyeka mofulumira, kapena mukumva kugwidwa ndi magetsi mukakhudza waya wa downrigger. Penapake magetsi akutayikira m'madzi.
- mafuta a m'giya ya injini akuoneka oyera ngati asakanizika ndi madzi.

Funsani a nthambi yoona za nsomba ngati simukudziwa nsomba imene mwagwira. Kokanee ilibe madontho akuluakulu akuda pamsana ndi pamchira, pamene rainbow ili nawo ambiri. Chipsepse cha pansi pafupi ndi mchira chili ndi timinga 13 kapena kuposa pa kokanee, 12 kapena kucheperapo pa trout. Yofunika kusamala nayo kwambiri ndi bull trout, imene ku United States ili pa mndandanda wa nsomba zotetezedwa ndipo imasokonezeka ndi lake trout. Ili ndi madontho owala m'thupi, ilibe madontho akuda pa chipsepse cha pamsana, ndipo mchira wake si wa mphanda yakuya ngati wa lake trout. Mukakayika, chotsani mbedza nsombayo ili m'madzi ndipo muisiye ipite.

Auzeninso mukapeza tizigoba ting'onoting'ono tomata pansi pa boti, pa nangula kapena pa ngolo. Tikhoza kukhala zebra kapena quagga mussel, timene timafalikira ndi maboti kuchoka nyanja ina kupita ina. Musalowetse botilo m'madzi ena mpaka ataliyendera, ndipo pamsewu muziima pa malo onse oyendera maboti, ngakhale lanu ndi laling'ono lopalasa.